Bokosi liti tigule chaka chino?

 Nkhani ya lero ndi yopepuka poyimva, koma ine yandizunguza mutu milungu itatu tsopano. Tilipo anthu anayi amene timakumana Lachisanu lililonse madzulo kusewera makhadi otchedwa The Lord of the Rings: The Card Game. Bokosi tili nalo limodzi lokha, loyambira lija. Chiyambire Januwale takhala tikusonkha kangachepe mwezi ndi mwezi kuti tigule zowonjezera, ndipo anzangawo anandisankha kukhala msungichuma, n'kundisenzetsanso udindo wobweretsa ganizo la chimene tigule. Wotigulira ndi mnyamata wina amene ndinamuphunzitsa kale, yemwe pano akugwira ntchito ku Johannesburg. Iye amabwera kumudzi kamodzi pa chaka, mu Disembala, ndipo chikwama chake chimakhala chitadzaza kale ndi katundu wa amayi ake ndi alongo ake. Choncho chimene tisankhe pano ndi chomwe tidzakhale nacho mpaka Disembala winayo. Ndalama zimene zasonkhedwa n'zokwanira bokosi lalikulu limodzi, apo ayi timabokosi ting'onoting'ono titatu.

Ndiyambe ndi kutsuka dzina langa, chifukwa ndikudziwa kuti ena mwamva mawu oti makhadi n'kuganiza za njuga. Pano palibe wobetcha, ndipo palibe amene amapita kwawo atadyedwa. Pa bawo pamakhala wodya ndi wodyedwa, koma m'masewerawa anthu onse a patebulo ali mbali imodzi. Mdani wawo ndi mulu wina wa makhadi umene umaikidwa pakati, ndipo muluwo ndi umene umatulutsa adani, malo oopsa ndi ngozi. Mukapambana mwapambana nonse, mukagwa mwagwa nonse. Anawapanga ndi Nate French, ndipo kampani ya Fantasy Flight Games ya ku Roseville, m'chigawo cha Minnesota ku America, inawatulutsa mu 2011. Mosiyana ndi masewera ngati Magic: The Gathering, amene anatuluka mu 1993 ndipo timapaketi take timagulidwa osadziwa zili m'kati, apa bokosi lililonse lili ndi makhadi odziwika. Umadziwiratu chimene ukulipira.

Nkhani yake inachokera m'mabuku a J.R.R. Tolkien, amene anabadwira ku Bloemfontein mu 1892 n'kukaphunzitsa ku Oxford. The Hobbit inatuluka mu 1937, ndipo The Lord of the Rings inatuluka m'magawo atatu mu 1954 ndi 1955. Aphunzitsi anzanga, mwina mungakonde kudziwa kuti iye mwini anafotokoza kuti chiganizo choyamba cha The Hobbit anachilemba akuchonga mayeso, atapeza tsamba limene wolemba mayeso wina analisiya lopanda kanthu. Ife tikapeza tsamba lotero timangolemba ziro n'kupitirira.

Kaseweredwe kake n'kotere. Munthu aliyense amakhala ndi ngwazi zosapitirira zitatu, komanso mulu wake wa makhadi, umene pa malamulo athunthu uyenera kukhala ndi makhadi osachepera 50, ndipo khadi limodzi lisabwerezedwe koposa katatu. Raundi iliyonse ngwazi iliyonse imalandira kachizindikiro kamodzi ka chuma, ndipo ndi chumacho umalipira othandiza, zida ndi zina. Kenako gulu limagwirizana kuti ndani apite pa ulendo, ndani atsale kuti atchinge adani, ndani amenye. Ngwazi imene yapita pa ulendo yatopa, singamenyenso nkhondo raundi imeneyo, ndiye pamakhala kuwerengera kwambiri. Aliyense alinso ndi kawilo kowerengera chiopsezo. Chiopsezocho chimakwera ndi 1 pakutha pa raundi iliyonse, chimakweranso gulu likalephera pa ulendo, ndipo chikafika pa 50 munthuyo watuluka. Makhadi ali m'magulu anayi: Leadership ndi a utsogoleri ndi chuma, Tactics ndi ankhondo, Spirit ndi olimba mtima pa ulendo, Lore ndi anzeru ndi ochiritsa.

Bokosi lathu ndi lokonzedwanso la mu 2022, limene lili ndi zokwanira anthu anayi. Muli ngwazi 12 ndi maulendo atatu. Woyamba, Passage Through Mirkwood, timaudutsa popanda thukuta lambiri. Wachiwiri, wa pa mtsinje wa Anduin, umayamba ndi chimphona chotchedwa Hill Troll, chimene chimamenya ndi mphamvu 6, chimafuna mabala 9 kuti chigwe, ndipo chimalumphira aliyense amene chiopsezo chake chafika pa 30. Chinatisautsa miyezi iwiri tisanachidziwe. Wachitatu, Escape from Dol Guldur, umayamba ndi kulanda ngwazi imodzi n'kuitsekera m'ndende, kenako umalola gulu lonse kutsitsa wothandiza mmodzi yekha pa raundi. Opanga anaupatsa 7 pa muyeso wa kuvuta, pamene woyamba uja anaupatsa 1 ndipo wachiwiri 4. Umenewu sitinaupambanepo ngakhale kamodzi.

Tsono zogula zilipo zambiri, moti ukamaziona umakumbukira pusi uja anagwa chagada chifukwa cha ichi chakoma ichi chakoma. Kuyambira mu 2011 kampaniyo inatulutsa mindandanda isanu ndi inayi ya nkhani, yambiri mwa iyo ili ndi bokosi lapakati limodzi ndi timapaketi sikisi. Zambiri za izo n'zosowa tsopano. Kuyambira mu 2022 anatenga mindandanda itatu yokha n'kuilongedza mwatsopano: Angmar Awakened mu 2022, Dream-chaser mu 2023, ndi Ered Mithrin mu 2024. Uliwonse anaugawa pawiri. Bokosi lotchedwa Hero Expansion lili ndi ngwazi ndi makhadi a osewera okhaokha, pamene lotchedwa Campaign Expansion lili ndi maulendo okhaokha. Palinso mabokosi atatu otsatira buku lenilenilo, The Fellowship of the Ring, The Two Towers ndi The Return of the King, ndipo amenewa ali ndi zonse ziwiri. Pomaliza pali timabokosi ting'onoting'ono: milu inayi yokonzeratu, Dwarves of Durin, Elves of Lórien, Defenders of Gondor ndi Riders of Rohan, komanso The Dark of Mirkwood, kamene kali ndi maulendo awiri opitiriza nkhani ya m'bokosi loyambira.

Mukaona bwino, zonsezi zikugwera m'mitundu iwiri. Zina zikugulitsa mavuto atsopano, zina zikugulitsa zida zatsopano. Ndiye ndinafunsa anzanga mmodzimmodzi kuti mtima wawo uli pati.

Bambo amene amaphunzitsa masamu anabwera ndi pepala. Anati Campaign Expansion ya Angmar Awakened ili ndi maulendo 9, ndipo mukagawa mtengo wake ndi 9 palibe china chingapose. Masamu awo ndi oona. Wamng'ono pa gulu lathu, mphunzitsi amene wangoyamba kumene ntchito, akufuna Ered Mithrin chifukwa muli zinjoka zolavula moto, ndipo sanafune kumva zina. Ine mtima wanga uli pa The Fellowship of the Ring. Buku limenelo ndinaliwerenga ndili mnyamata, ndipo bokosi lake lili ndi maulendo sikisi, kuchokera pamene Frodo akuthawa kwawo ndi mphete, okwera pa akavalo akuda ali pambuyo pake, mpaka pamene gulu likubalalika. Mulinso Sam, Merry, Pippin ndi Gandalf ngati ngwazi.

Wachinayi ndi mayi amene amaphunzitsa bayoloje. Nditawafunsa anangoti, “Chilichonse chimene mungasankhe, aphunzitsi, ine ndilibe vuto.” Yankho limeneli ndi limene landisowetsa mtendere kuposa ena onse. Mayiwa amasonkha mofanana ndi ife, sajomba, ndipo ndi amene amabwera ndi mtedza wokazinga. Munthu amene waika ndalama zake miyezi yonseyi n'kukhala wopanda chokhumba pa zimene zigulidwe, ndiye kuti pali chimene chikusowa pa malo ake patebulo.

Ndinakhala pansi n'kuyamba kuganiza za mmene Lachisanu lathu limayendera. Popeza bokosi ndi limodzi ndipo ife tilipo anayi, tinagawana magulu anayi aja, aliyense lake. Mayiwa anapatsidwa Tactics, ndiye kuti Gimli, Legolas ndi Thalin. Pa nkhondo amenewa ndi akatswiri, koma pa ulendo ndi ofooka: Gimli ali ndi 2, Legolas 1, Thalin 1, onse pamodzi 4, pamene Éowyn wa Spirit ali ndi 4 payekha. Choncho pa raundi imene sipanatuluke mdani, mayiwa amangokhala manja lende kudikira. Mdani akatuluka, nthawi yoti aganize ija bambo a masamu amakhala atanena kale kuti Gimli atchinge, Legolas alase uyo. Bambowa sachita izi mwankhanza. Makhadi onse a m'bokosi anawaloweza, ndipo akangoona patebulo amadziwa chimene aliyense angakhale nacho m'manja. Nthawi zambiri amalondola. Koma zotsatira zake n'zakuti munthu mmodzi akusewera ndi manja asanu ndi atatu.

Vutoli ndi lodziwika m'masewera onse ogwirizana, ndipo ife aphunzitsi timalidziwa bwino kuposa wina aliyense. Mukapereka ntchito ya m'magulu, mwana mmodzi wochangamuka amalemba zonse, enawo amangoonjezera maina awo pansi, ndipo pepala limabwera lokhoza bwino. Inu amene munali ana anga a sukulu mukudzidziwa, amene munkalemba ndi amene munkangosaina. Malamulo oyambirira a mu 2011 anayesa kutchinga zimenezi poletsa osewera kutchula kapena kuwerengera anzawo makhadi amene ali m'manja mwawo. Koma lamulo lotero silithandiza ngati mulu uli waung'ono moti wina anauloweza wonse.

Apa ndi pamene ndinaona kuti funso loti bokosi labwino kwambiri ndi liti silingatithandize. Funso lothandiza ndi loti patebulo pathu ndani akusowa chochita, ndipo ndi bokosi liti limene lingamupatse chochita chakechake. Maulendo 9 a Angmar sangachite zimenezo. Bambo a masamu adzawaphunzira monga anaphunzirira atatu aja, ndipo mayi aja adzakhalabe ndi Gimli wawo kudikira kuuzidwa. Komanso mwa maulendo amenewo muli The Battle of Carn Dûm, umene osewera ambiri amauika m'gulu la ovuta kwambiri m'masewera onsewa. Anthu amene akulephera Dol Guldur kukagula Carn Dûm ndi milu yomweyo, ndiye kulira mvula kuiwala matope. Zinjoka za Ered Mithrin nazonso zidzatipeza ndi zida zomwe zija.

Ndiye tikufunika zida. Koma apanso pali njira ziwiri. Hero Expansion ya Angmar ili ndi ngwazi 8, ndipo zina n'zosangalatsa kwambiri. Erestor amakupatsa makhadi atatu owonjezera raundi iliyonse koma amakutayitsa onse otsala m'manja raundi ikatha. Palinso anthu a mtundu wa Dúnedain, amene amalimba pamene adani awazinga. Vuto ndi lakuti bokosi limeneli ndi ngati thumba la ufa: pafunika wina aphike. Makhadi ake amafuna munthu akhale pansi usiku wonse kusankha 50 ogwirizana, ndipo pa gulu lathu amene angachite zimenezo mokondwa ndi bambo a masamu omwe aja. Adzamanga milu inayi yabwino, adzatigawira, ndipo adzaidziwa yonse kuposa eni ake. Tidzakhala tabwerera pomwe tinali.

Milu yokonzeratu ija ndi yosiyana. Umatsegula kabokosi, umasakaniza makhadi, umayamba kusewera, ndipo mulu uliwonse uli ndi khalidwe lake. Ya Rohan ndi ya Gondor ndi yabwino, koma ine ndaima pa iwiri inayo. Dwarves of Durin ndi wa anthu afupiafupi okumba m'mapiri aja, amene mphamvu yawo ndi kuchuluka. Mtsogoleri wawo, Dáin Ironfoot, akakhala kuti sanatope amaonjezera 1 pa kumenya ndi 1 pa ulendo kwa Dwarf aliyense amene ali patebulo, ngakhale wa mnzako. Poti Gimli, Thalin ndi Glóin a m'bokosi lathu ndi a mtundu womwewo, khadi limodzi limeneli likweza anthu awiri kapena atatu nthawi imodzi. Umenewu ndikufuna apatsidwe mphunzitsi wamng'ono uja. Zinjoka sazipeza chaka chino, koma adzakhala ndi chikhamu cha ankhondo patsogolo pake, ndipo ndikumudziwa, adzaiwala.

Elves of Lórien ndi umene ndikufunira mayi aja. Muli Celeborn ndi Galadriel, ndipo kaseweredwe kake ndi ka othandiza amene amatsika, kuchita kanthu pofika, kenako kubwerera m'manja kuti adzatsikenso. Celeborn amalimbitsa wothandiza wa mtundu wake pa raundi imene watsikayo. Choncho raundi iliyonse mwini muluwo ali ndi zosankha: atsitse uti, abweze uti, asunge chiyani. Zosankhazo zimadalira makhadi amene ali m'manja mwake, amene wina sakuwaona ndipo sanawaloweze. Mulu umenewu umathandiza pa ulendo, umalasanso adani a anzako, ndiye palibe raundi yokhala manja lende. Munthu amene amatha kufotokozera ana a Fomu 3 mmene magazi amayendera m'thupi sangalephere kuyendetsa mulu wotere.

Ubwino wina ndi wakuti kugula milu iwiri kukonza milu inayi. Anthu awiri akachoka pa makhadi a m'bokosi loyambira, otsala awirife tidzagawana magulu anayi aja awiriawiri. Wina adzaphatikiza Spirit ndi Lore, wina Leadership ndi Tactics, aliyense ndi mulu wa makhadi 50 wotha kuyenda ndi kumenya. Chofunika kusamala ndi lamulo la makhadi a dzina limodzi: munthu wodziwika ngati Gandalf, kapena udindo ngati Steward of Gondor, sangakhale patebulo kawiri nthawi imodzi, ngakhale kwa osewera osiyana. Ndiye tidzayenera kukambirana tisanayambe, ndipo kukambirana kotero ndi kumene ndikufuna, chifukwa aliyense adzabwera ndi chake chonena.

Ndikudziwa chimene bambo a masamu adzanene, ndipo sichopepuka. Adzati chaka china chathunthu pa maulendo omwe aja, anthu adzatopa, Lachisanu lidzayamba kujombedwa. Mantha amenewo ndili nawo inenso. N'chifukwa chake kabokosi kachitatu ndikufuna kakhale The Dark of Mirkwood, kuti maulendo akhale asanu. Komanso ulendo wakale ukauyenda ndi mulu watsopano umasintha. Chimphona cha pa Anduin chimene tinachizolowera chidzafuna nzeru zina pamene ngwazi zasintha ndipo chiopsezo choyambira chasintha. Ndipo Dol Guldur ikadalipo, sitinaigonjetse. Bokosi la mu 2022 limalola kulumikiza maulendo ake kukhala nkhani imodzi, mphotho ndi zipsera za ulendo wina n'kumapita nazo ku wotsatira, ndipo ife nkhaniyo sitinaifikitse kumapeto. Sindikuona chifukwa chogulira buku lachiwiri pamene loyamba tikadali pakati.

Chimene chikundiwawa ndi The Fellowship of the Ring. Kulisiya chaka chino kuli ndi mtengo wake. Kulongedza mwatsopano kuja kunafika pa The Return of the King mu 2024, ndipo mabokosi a masewera otere akatha m'masitolo sipakhala lonjezo loti abweranso msanga. Ndalama yathunso siidikira munthu: tonse tikukumbuka mmene kwacha inagwera ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zimene tinasunga n'kusanduka zochepa usiku umodzi. N'kutheka kuti Disembala winayo mnyamata uja adzazungulira Johannesburg osalipeza, kapena adzalipeza pa mtengo umene sitingaufike. Ndaziganizira zonsezi ndipo ndavomera. M'bokosi limenelo, mukamasewera nkhani yonse motsatana, ngwazi imene yafa pa ulendo wina imalembedwa pa pepala ndipo siibweranso mpaka nkhani ithe. Imfa yotero imakhala ndi tanthauzo ngati mwini ngwaziyo anasankha yekha kuiika pangozi kuti apulumutse mnzake. Ngati anachita kuuzidwa, amangoona ngati wataya khadi. Ndikufuna tidzalowe m'nkhani imeneyo tili anthu anayi oganiza, ndipo ngati zitatero mochedwa ndi chaka chimodzi, palibe kanthu.

Kwa anzanga amene muli ndi masewera ena a mtundu umenewu, nkhani ndi yomweyi. Arkham Horror: The Card Game ya mu 2016 nayonso inayamba mu 2021 kugawa zowonjezera zake pawiri, za osewera padera ndi za nkhani padera. Marvel Champions ya mu 2019 imagulitsa milu yokonzeratu ya ngwazi imodziimodzi pambali pa mabokosi a adani. Musanatumize ndalama, khalani Lachisanu limodzi mukuyang'ana nkhope za anzanu m'malo mwa makhadi. Ngati mukupambana zonse ndipo anthu akuyasamula, gulani maulendo. Ngati mukugwa pamalo amodzimodzi, gulani zida. Ngati pali wina amene wasiya kutsutsa, yambani ndi iyeyo. Mutu umodzi susenza denga, ndipo masewera ogwirizana amene akuyendetsedwa ndi mutu umodzi amatha pang'onopang'ono, anthu n'kumapeza zifukwa zosabwerera.

Choncho Lachisanu likudzali ndikapereka ganizo langa: Dwarves of Durin, Elves of Lórien ndi The Dark of Mirkwood chaka chino, The Fellowship of the Ring chaka chamawa likapezeka, Angmar pambuyo pake. Ndikapemphanso chinthu chimodzi chimene sichifuna ndalama. Kabokosi ka Lórien kakafika, kaperekedwe kwa mayi aja kosatsegula, apite nako kwawo, ndipo pasapezeke wina woufufuza muluwo pa intaneti kapena kupempha kuti aungoona pang'ono. Tidzaudziwa pamene mwini wake adzautsitse patebulo. Bambo a masamu adzavutika nazo sabata yoyamba, koma ndi munthu wokonda masewerawa kuposa tonsefe, ndipo ndikukhulupirira kuti adzasangalala kudabwitsidwa.

Ndalama ndi za anthu anayi, ndiye mwina adzandigonjetsa pa mavoti. Zikatero ndidzalemba uthenga wa ku Johannesburg monga gulu lanenera. Iwe mwana wanga wa ku Joni, ukawerenga izi usiyiretu kampata m'chikwama, timabokosi take ndi topepuka. Amene muli pa ntchito yochonga, Mulungu akupatseni maso.